Kodi ndilembe kangati "mbande za mango" kuti Google indipeze?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene ali ndi nazale ya mitengo ya zipatso. Iwo alemba motere:

"Ndimagulitsa mbande zomezanitsa za mango, mapeyala ndi malalanje. Mwana wa mchemwali wanga anandipangira webusayiti chaka chatha. Mnyamata wina wodziwa za intaneti anandiuza kuti Google imawerenga kuti mawu abwerezedwa kangati, ndipo mawu amene ndikufuna kuti anthu azindipezera azikwana atatu pa mawu 100 aliwonse, akuti keyword density. Ndinabwerera pa tsamba la mango n'kulowetsa mawu oti 'mbande za mango' paliponse, moti tsopano alipo ka 45 pa tsamba la mawu pafupifupi 600. Patha miyezi inayi koma ndikafufuza sindikudzipeza. Kasitomala wina wandiuzanso kuti tsambalo likutopetsa kuwerenga. Kodi ndawonjeza kapena ndachepetsa? Nambala yeniyeni ndi iti? Nanga Google imamva Chichewa?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale pansi, palibe chimene mwawononga choti sichingakonzeke. Pa zaka zomwe ndakhala ndikukonzera anthu mawebusayiti, masamba onga lanuli ndawaona ambirimbiri, a malo ogona alendo, a masukulu, a ogulitsa matayala, ndipo eni ake onse anauzidwa nkhani yomweyi ya atatu pa 100. Kulikonza ndi ntchito ya madzulo amodzi. Mwachitanso bwino kufunsa musanalipire munthu ndalama, paja safunsa anadya phula.

Nambala imene mukuifunayo kulibe. Google sinalengezepo kuti mawu azikwana mwakuti pa tsamba, ndipo ogwira ntchito kumeneko akhala akuuza anthu kwa zaka zambiri kuti asiye kudzivutitsa ndi kuwerengera kotereku. Kasitomala amene wati tsamba likutopetsa ndiye wakulangizani bwino kuposa mnyamata uja. Mwawonjeza, Mayi, ndipo mwawonjeza kwambiri. Komabe ndikukayika ngati kuwonjezako ndi kokhako kumene kukukubisani, ndipo zimenezo tizifikira.

Ngakhale amene amakhulupirira nambalayi sagwirizana pa kawerengedwe kake. Tengani tsamba lanulo. Ka 45 pa mawu 600 ndi 7.5 pa 100. Koma "mbande za mango" ndi mawu atatu, ndiye tizida tina towerengera mawu pa tsamba timachulukitsa ndi 3, n'kupeza mawu 135 pa 600, amene ndi 22.5 pa 100. Tsamba limodzimodzilo, kachida kena kati 7.5, kena kati 22.5. Sikelo yopereka mayankho awiri pa thumba limodzi la chimanga simungagulitsirepo.

Mnyamatayo sanapeke, wangobweretsa nkhani yakale. M'zaka za m'ma 1990 anthu ankafufuza pa AltaVista, Lycos ndi Excite, ndipo makina amenewo ankadalira kwambiri mawu olembedwa pa tsamba. Anthu ochenjera atazindikira, anayamba kuunjika mawu. Ena ankalemba ndi zilembo zoyera pa tsamba loyera kuti munthu asaone kanthu koma makina awerenge. Panalinso kabokosi kobisika kotchedwa meta keywords, kamene mwini tsamba ankalembamo mawu omupezera, ndipo anthu ankakadzaza ndi zilizonse, ngakhale zosagwirizana ndi malonda awo. Larry Page ndi Sergey Brin, ophunzira a pa yunivesite ya Stanford ku America, amene anayambitsa Google mu 1998, anabwera ndi nzeru ina imene anaitcha PageRank: osangomvera zimene tsamba likudzinenera lokha, koma kuonanso kuti ndi masamba angati, odalirika bwanji, amene aika linki yolozera kumeneko. Ndi mmene zimakhalira pamsika. Aliyense amati tomato wake ndiye wabwino, koma inu mumapita pamene anzanu akulozerani. Mu September 2009 Google inalengeza poyera kuti kabokosi ka meta keywords sikagwiritsa ntchito posanja masamba. Mu 2011 inabweretsa kusintha kotchedwa Panda, kumene kunagwetsa masamba opanda mnofu, ndipo mu 2012 kunabwera Penguin, kolimbana ndi zachinyengo, makamaka malinki ogula. Malangizo a atatu pa 100 anatsala m'mabuku akale ndi m'milomo ya anthu.

Tsopano tione chimene chimachitika tsamba lanu likakhala pa intaneti. Kapulogalamu ka Google kotchedwa Googlebot kamayenda kutsatira malinki, n'kumatenga masamba amene kawapeza. Google imawerenga tsambalo n'kulilemba m'kaundula wake wamkulu, momwe liwu lililonse lili ndi mndandanda wa masamba amene likupezekamo. Munthu akafufuza, Google siyendanso pa intaneti yonse, imangotsegula kaundulayo, kutulutsa masamba okhudzana ndi funsolo, n'kuwasanja. Apa pakuonekeratu kuti mawu ndi ofunikabe. Tsamba lomwe silinatchulepo mango n'kovuta kuti lituluke kwa munthu wofuna mango. Funso ndi lakuti liwu likatchulidwa kachiwiri, kakhumi, ka 45, kodi limawonjezera chiyani?

Google siulula masamu ake onse, koma akatswiri a ntchito yofufuza m'zolemba ali ndi njira yodziwika bwino yotchedwa BM25, imene anaikonza Stephen Robertson ndi anzake ku City University ku London m'zaka za m'ma 1990, ndipo mapulogalamu ambiri ofufuzira akuigwiritsabe ntchito. Ndikuibweretsa chifukwa ikuonetsa mmene anthu a ntchito imeneyi amaganizira. Pa tsamba lotalika mwapakati, ndi manambala amene ambiri amaika m'masamuwo, liwu likapezeka kamodzi tinene kuti mwapeza 1. Likapezeka kawiri simupeza 2, mumapeza pafupifupi 1.4. Katatu, 1.6. Kakhumi, simunafikebe pa 2. Ka 45 kanuko kakupatsani 2.1, ndipo ngakhale mutalemba ka 1,000 simungapitirire 2.2. Inu mukuzidziwa bwino izi kuposa ine. Mbande ili m'chubu, kapu yoyamba ya madzi imaitsitsimutsa, yachiwiri imathandizako, koma mukakhuthulira ndowa yonse madzi amangosefukira chifukwa dothi lasiya kumwa, ndipo mukamatero tsiku ndi tsiku mizu imaola. Matt Cutts, amene pa nthawiyo ankatsogolera gulu lolimbana ndi masamba achinyengo ku Google, anafotokoza zofananazo mu 2011: kutchula liwu koyamba ndi kachiwiri kumathandiza, kenako phindu limanka lichepa, ndipo ukapitiriza umalowa m'gulu la ounjika mawu, zimene zingakubwezere m'mbuyo.

Palinso mfundo ina imene ine ndimaikonda kwambiri, chifukwa imathandiza munthu wodziwa ntchito yake ngati inu. Mu 1972 mayi wina wa ku Cambridge, Karen Spärck Jones, anaonetsa kuti mawu salemera mofanana. Liwu lopezeka pa masamba onse, monga "ndi", "za" kapena "zabwino", silinena zambiri za tsamba. Liwu losowa ndiye lolemera. "Mango" ali pa masamba osawerengeka. "Keitt" (mtundu wina wa mango), "kumezanitsa", "machubu" ali pa masamba ochepa, ndipo amene amawalemba ndi munthu wodziwadi za mbande. Nthawi imene munathera polowetsa "mbande za mango" ka 45, mukanangolemba mayina a mitundu imene muli nayo, kamodzi kamodzi, mukanatsegula makomo ambiri olowera anthu.

Koma lero Google yapitirira pa kuwerenga mawu, ikuyesa kumva tanthauzo. Chilankhulo chathu chili ndi chitsanzo chokoma. Munthu akalemba kuti "mtengo wa mango", akufuna chiyani? Mwina akufuna kudziwa kuti mango akugulidwa ndalama zingati, mwina akufuna mtengo woti adzale kuseri kwa nyumba. Pakamwa timasiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu, koma polemba zilembo ndi zomwezo. Makina angasiyanitse poona mawu oyandikana nawo. Tsamba lokamba za makwacha, msika ndi dengu likunena za kugula. Tsamba lokamba za dzenje, manyowa, kuthirira ndi zaka zoyambira kubereka likunena za kudzala. Mutalemba "mtengo wa mango" ka 100 simunathandize makinawo ngakhale pang'ono kudziwa kuti mukunena mtengo uti. Amene amathandiza ndi mawu ozungulirawo.

Mu 2013 Google inasintha kwambiri mmene imamvera mafunso, kusintha kumene kunatchedwa Hummingbird. Mu 2015 inaulula za RankBrain, pulogalamu yophunzira yokha imene imathandiza pa mafunso achilendo, pakuti Google imati mafunso 15 pa 100 aliwonse amene imalandira pa tsiku ndi oti sinawaonepo. Mu October 2019 kunabwera BERT, imene imaona liwu pamodzi ndi anzake a kutsogolo ndi a kumbuyo. Chitsanzo chimene Google inapereka chinali cha munthu wa ku Brazil wofunsa ngati akufunika viza popita ku America. Kale makina ankanyalanyaza kaliwu kachingerezi ka "to" n'kumupatsa nkhani za anthu a ku America opita ku Brazil, mosemphana ndi funso lake. BERT itabwera, kaliwuko kanayamba kumveka. Makina oti afika pomva kaliwu ka zilembo ziwiri, kodi angapusitsidwe ndi kubwereza?

Mwafunsa ngati Google imamva Chichewa. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014, koma kumasulira ndi kufufuza ndi ntchito ziwiri zosiyana. Zimene ndaona pa ntchito yanga ndi izi: pa Chingerezi makina amadziwa msanga kuti mawu awiri osiyana akunena chinthu chimodzi, chifukwa aphunzira pa masamba mabiliyoni. Masamba a Chichewa ndi ochepa, ndiye pa Chichewa makina amatsamira kwambiri pa zilembo zimene munthu walemba. Komanso mawu athu amasinthasintha kumutu ndi kumchira. Kumezanitsa, zomezanitsa, omezanitsa, anamezanitsa, kwa ife ndi ana a mimba imodzi, koma musayembekezere kuti makina aziwalumikiza nthawi zonse. Ena sanena kumezanitsa, amati kukwatitsa. Ena amalemba mapeyala, ena avocado. Choncho pa tsamba la Chichewa mankhwala ake si kubwereza liwu limodzi, koma kulola kuti mitundu ya mawu imene anthu amanenadi ipezeke, uliwonse pamalo pake. Munthu akamafotokoza momasuka, monga mmene mumachitira ndi kasitomala amene wafika pa nazale, zimenezi zimachitika zokha. Ubwino wake winanso ndi wakuti opikisana nawo m'Chichewa ndi ochepa kwambiri. Tsamba limodzi lolembedwa bwino likhoza kukhala lokhalokha loyankha funsolo.

Tsamba lanu sindinalione, koma ndikhoza kulingalira mmene likumvekera, chifukwa onse amene anauzidwa za atatu pa 100 amalemba mofanana: "Mbande za mango zabwino. Gulani mbande za mango kwa ife chifukwa mbande za mango zathu ndi mbande za mango zotsika mtengo ku Zomba." Munthu wawerenga ziganizo ziwiri ndipo sanadziwe kanthu. Ndi mango amtundu wanji? Ndalama zingati? Akabwere kuti? Yesani kulemba chonchi, mukuika zoona za pa nazale yanu: "Timagulitsa mbande za mango zomezanitsa kuno ku Zomba. Tili ndi Tommy Atkins, Kent ndi Keitt. Mitengo yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene yodzala kuchokera ku njere imachedwa kwambiri. Nthawi yabwino yodzala ndi pamene mvula yakhazikika." Kenako muike mtengo wa mbande imodzi, mtengo wa munthu wogula zambiri, kukula kwa dzenje, kutalikirana kwa mitengo, ngati mumatumiza pa minibasi kupita ku Blantyre kapena ku Liwonde, ndi chimene mumachita mbande ikauma isanathe sabata. Mawu aja atuluka kamodzi kokha m'ndimeyi, koma Google ikudziwa bwino lomwe kuti tsambali ndi la chiyani, ndipo kasitomala ali ndi chifukwa chokuimbirani foni.

Njira yosavuta yopezera zolemba ndi iyi. Kwa sabata imodzi, lembani m'kope mafunso onse amene anthu amakufunsani pa nazale ndi pa WhatsApp, m'mawu awo enieni. Amenewo ndiwo ma keyword anu, mawu amene anthu angakupezereni. Palibe pulogalamu yolipira imene ingakupatseni mndandanda woposa umenewo pa malonda a mbande ku Zomba.

Ndinene za malo, chifukwa pamene liwu lakhala ndi pofunika kuposa kuchuluka kwake. Pofunika kwambiri ndi pa mutu wa tsamba, umene amautcha title, womwe kawirikawiri ndiwo mzere umene munthu amadina pa zotsatira za Google. Masamba ambiri amene ndimawalandira mutu wake umangoti "Home" kapena "Products", ndipo mwini wake ali kalikiliki kuunjika mawu m'munsi. Wanu uzinena kuti "Mbande za mango zomezanitsa ku Zomba", kenako dzina la nazale. Mawuwo akhalenso pa mutu waukulu umene owerenga amauona, ndi m'ndime yoyamba. Zithunzi zili ndi malo ofotokozera otchedwa alt text, amene amathandizanso anthu osaona amene kompyuta imawawerengera. Lembanimo chimene chili pa chithunzicho, monga "mbande za Kent m'machubu", osati mndandanda wa mawu. Pa tsamba loyamba la webusayiti, linki yopita ku tsamba la mango izinena za mango, osati "dinani apa". Pali kandime kena kofotokoza tsamba mwachidule, kotchedwa meta description. Sikakweza tsamba, ndipo nthawi zambiri Google imasankha yokha mawu oonetsa, koma kalembeni bwino chifukwa kakaoneka ndi kamene kamakopa munthu kuti adine. Mukatero mwatha. M'kati mwa nkhani mawuwo abwera okha katatu kapena kasanu, ndipo musawawerenge.

Mango akhale ndi tsamba lawo, mapeyala lawo, malalanje lawo. Tsamba limodzi lofuna kugwira zonse silimveka kuti likuyankha ndani.

Ngati webusayiti yanu ili pa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusayiti, mwina mwaonapo kachida konga Yoast, kamene kamapima mmene mwalembera tsamba n'kuyatsa kadontho kofiira, kamtundu wa lalanje kapena kobiriwira. Ndaona anthu akuwononga nkhani yabwino pofuna kuti kadonthoko kabiriwire. Kachidako si ka Google, ndipo Google siona n'komwe mtundu wa kadonthoko. Ndi chikumbutso chabe, chothandiza kuti musaiwale mutu kapena alt text. Chichewa sikachidziwa, moti "zomezanitsa" ndi "kumezanitsa" kamaziona ngati zachilendo. Tsamba likhoza kukhala lobiriwira ponseponse koma lopanda kanthu, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwerere ku chimene ndinakayikira poyamba. Miyezi inayi osadzipeza n'komwe, makamaka pa mawu a Chichewa opanda opikisana ambiri, zikundiganizitsa kuti mwina tsambalo mulibe m'kaundula wa Google. Yesani izi lero: pa Google lembani site: n'kulumikiza dzina la webusayiti yanu popanda kusiya mpata. Masamba anu akatuluka, ndiye kuti Google ikukudziwani. Pakapanda kutuluka kanthu, vuto si mawu. Ndinalandirapo bambo wina amene anatha pafupifupi chaka akusintha mawu pa webusayiti ya malo ake ogona alendo. Titakhala pansi pa laputopu n'kutsegula Settings mu WordPress, kenako Reading, tinapeza kabokosi kamodzi kali ndi chizindikiro, kopempha makina ofufuzira kuti asalembe webusayitiyo m'kaundula. Amene anaipanga anakachonga pamene ankaimanga, n'kuiwala kuchotsa. Bamboyo anakhala chete kwa kanthawi atagwira chibwano. Tinachotsa chizindikirocho, ndipo patapita masabata ochepa masamba anayamba kuoneka. Mufunseni mwana wa mchemwali wanuyo ayang'ane pamenepo.

Mumupemphenso akulembetseni ku Google Search Console. Ndi yaulere. Imakuuzani masamba amene alowa m'kaundula, amene akanidwa ndi chifukwa chake, ndipo chokoma kwambiri, imakuonetsani mawu enieni amene anthu analemba pamene tsamba lanu linawaonekera. Apa mukhoza kudabwa. Ogula mbande zambiri nthawi imodzi, monga mabungwe, masukulu ndi eni minda ikuluikulu, kawirikawiri amafufuza m'Chingerezi, kulemba zonga "grafted mango seedlings Malawi". Ena amasakaniza, "mbande za avocado price". Ine ndingakulangizeni kukhala ndi masamba awiri pa chipatso chilichonse, la Chichewa ndi la Chingerezi, lililonse lolembedwa lokha bwinobwino, osati kuthira zilankhulo ziwiri m'ndime imodzi. La Chichewalo musalitaye. Mlimi wofuna kumva mmene angakumbire dzenje amamva bwino m'chilankhulo chake, ndipo ndi amene adzauze anzake.

Pali zina ziwiri zimene zimabisa masamba a malonda ang'onoang'ono. China ndi kuika zonse m'chithunzi. Anthu amapanga positala yokongola yokhala ndi mitundu ndi mitengo yake, n'kuiika pa tsamba popanda kulemba kalikonse. Musadalire kuti makina awerenga zolembedwa m'chithunzi. Zilembeni ngati mawu. China ndi kulemera kwa tsamba. Google imayang'ana tsamba lanu monga mmene limaonekera pa foni, ndipo makasitomala anu nawonso ali pa foni, ndi bandulo yowerengera. Zithunzi khumi zochokera m'kamera osazichepetsa zimathawitsa munthu asanawerenge liwu limodzi.

Kwa malonda okhala ndi malo ngati nazale, chinthu chimene chingakupindulireni msanga kuposa zonsezi ndi Google Business Profile, yomwenso ndi yaulere. Ndi imene imaika malo anu pa mapu, pamodzi ndi foni, nthawi yotsegulira, zithunzi ndi ndemanga za makasitomala. Google imati pa zofufuza za malo imaona zinthu zitatu: kugwirizana ndi chimene munthu akufuna, kuyandikira, ndi kudziwika kwa malowo. Pa dzina lembani dzina lenileni la nazale, osaunjikapo mawu, chifukwa kutero n'koletsedwa ndipo akhoza kukutsekerani. Makasitomala okhutira apempheni alembe ndemanga. Ndipo ngati muli m'gulu la alimi kapena munagulitsapo mbande ku bungwe lomwe lili ndi webusayiti, linki imodzi yochokera kwa iwo ndi umboni uja ndinanena wa pamsika.

Za chiopsezo ndisakubisireni, koma ndisakuopsezeninso. Kuunjika mawu, kumene amakutcha keyword stuffing, kuli pa mndandanda wa zimene malamulo a Google amaletsa, pamodzi ndi kubisa mawu. Zitsanzo zimene amapereka ndi monga kubwereza mawu mpaka kumveka zachilendo, ndi kundandalika mayina a mizinda popanda chifukwa. Choncho wina akakuuzani kuti mulembe m'munsi mwa tsamba kuti Zomba, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Mangochi, Kasungu, mukane. Ngati mumatumizadi ku malo amenewo, nenani m'chiganizo mmene mumatumizira. Kawirikawiri chimene chimachitikira tsamba laling'ono ngati lanu ndi kungotsalira pansi mwakachetechete, ndipo mukalikonza limadzuka Google ikaliwerenganso. Nthawi zina wogwira ntchito ku Google amapereka chilango chotchedwa manual action, ndipo chikakhalapo chimalembedwa mu Search Console, momwe mungapemphenso kuti aunikenso mukakonza. Koma chimene chimandipweteka ine kwambiri si chilango cha Google. Ndi munthu uja amene anafika pa tsamba lanu ndalama zili m'thumba, n'kuwerenga "mbande za mango" kasanu ndi kawiri, n'kuganiza kuti mwina awa ndi akuba a pa intaneti. Mmodzi yekha ndiye anakuuzani. Enawo anangotseka.

Mukakonza, werengani tsambalo mokweza pamaso pa munthu amene sadziwa za mbande. Pamene lilime lapunthwa kapena pamene mwachita manyazi kubwereza, chotsanipo. Kenako mu Search Console pemphani kuti Google iwerengenso tsambalo, ndipo mulisiye. Zosintha zina zimaoneka pakatha masiku, zina masabata, zina miyezi. Musamalisinthe tsiku lililonse, chifukwa simudzadziwa chimene chathandiza. Pofuna kuona ngati zikuyenda, musadalire kudzifufuza pa foni yanu, pakuti zotsatira zimasiyana malinga ndi malo amene munthu ali ndi zina. Onani mu Search Console ngati chiwerengero cha oona ndi odina chikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense woimba foni mumufunse kuti wakudziwirani kuti.

Zambiri mwa izi mutha kuchita nokha ndi mwana uja. Mufune katswiri ngati mwachotsa chizindikiro chija, mwalembetsa ku Search Console, koma patatha mwezi umodzi kapena iwiri masamba akukanabe kulowa m'kaundula. Mumufunenso mukaona uthenga wa manual action, kapena mukalemba site: n'kupeza masamba amene inu simunalembe, a njuga kapena a mankhwala, m'zilankhulo zachilendo. Zikatero ndiye kuti akuba alowa m'webusayiti, ndipo zimenezo zimafuna changu, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Posankha munthuyo, amene akulonjezani kuti mukhala nambala wani pa Google m'masabata awiri mumusiye, chifukwa Google yeniyeniyo imachenjeza kuti palibe angalonjeze zimenezo. Amene akufuna kukugulirani malinki mazanamazana mumusiyenso. Wabwino amayamba wafunsa za makasitomala anu, amapempha kuona Search Console, ndipo amakufotokozerani chilichonse chimene akusintha m'mawu oti mumve. Musanamupatse mapasiwedi, onetsetsani kuti dzina la webusayiti linalembetsedwa m'dzina lanu ndi pa imelo yanu, ndipo mu Search Console mumuwonjezere ngati wothandizira, umwini ukhale wanu. Ntchito ikatha mumuchotsemo n'kusintha mapasiwedi onse.